Amayi, Buku Lija Musaliwotche

Cape Town
14 Ogasiti 2023

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi moni, poti mungandikalipire ndikangolumphira pa nkhani ngati munthu wodzapala moto. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kutsikira kudimba, kapena mukungolikakamiza monga mwa masiku onse? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga, kupatula chimfine chimene chandikakamira sabata ziwiri tsopano. Kuno kukuzizira koopsa, mvula yamawawa ndi chimphepo, moti chiperoni chathu chija n'chamasewera. Anthu akuno amanyadira phiri lawo, aliyense kundifunsa ngati ndakwerako. Ine ndimangowayankha kuti kwathu ku Mulanje loterolo timalitcha chulu.

Ndikukhalabe ndi Edna, mtsikana wa ku Zomba uja amaluka anthu tsitsi. Ndi munthu wabwino, koma mchere m'ndiwo amathira ngati akukwiyira wina. Tsiku lina ndinamuuza kuti ndalakalaka kalongonda, iye n'kundiseka kuti Alomwe tingakwere ndege koma m'mimba timatsalira kumudzi. Sindinamutsutse.

Kalatayi ndapatsira a Bizwick, oyendetsa thiraki aja, ndipo akaisiya kwa Dario pa Chinakanaka. Mudabwa kuti ndalemba pamanja pamene foni muli nayo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Katatu konse ndayamba nkhaniyi pa foni, katatu konse mwati netiweki yavuta, ine ndikumva tambala wanu akulira bwinobwino kuseri kwa nyumba. Pepala simungalidule. Mukhoza kulibisa pansi pa Baibulo, koma likhala likukudikirani pomwepo.

Dario wandiuza kuti Lamulungu lina mwezi wathawu munatulutsa m'sutikesi buku lanu lija, lachikuto chakuda, limene mumalitcha kaderno, n'kukhala nalo pafupi ndi mbaula. Akuti analilanda n'kulibwezera m'malo mwake, inu n'kumuuza kuti tsiku lina iye akadzachokapo mudzamalizitsa. Musamukalipire mchimwene wangayo, ndinachita kumupanikiza kuti anene. Amayi, buku limenelo musaliwotche. Pempho langa ndi lokhalo, ndipo zonse zotsatirazi ndikufotokoza chifukwa chake.

Ndamva kuti kutchalitchi mumauza anthu kuti Claudia akuphunzira udokotala. Si udokotala ayi. Sindibaya munthu, ngakhale thonje sindigwira. Ntchito yanga ndi kusonkhanitsa kafukufuku yense amene anthu anachita pa mankhwala amodzi m'mayiko osiyanasiyana, kumuwerenga, kumupeta, n'kutulutsa yankho. Yankho limenelo ndi limene amatsamira akuluakulu olemba malangizo a m'zipatala, akamauza anamwino kuti perekani awa, siyani awa. Ndipo mankhwala amene ndikulimbana nawo sanandigwere mwangozi, ndinachita kuwasankha ndekha. Ndi jakisoni uja wowonjezera magazi kwa azimayi oyembekezera, yemwe uja munkabaya inu.

Kafukufuku alipo wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa maere. Amatenga azimayi ambirimbiri n'kuchita maere, uyu jakisoni, uyu mapiritsi, namwino osasankha. Ubwino wake ndi woti magulu awiriwo amafanana, ofooka ndi olimba amagawikana mbali zonse, ndiye pamapeto pakaoneka kusiyana timadziwa kuti ndi mankhwalawo. Kafukufuku ameneyu ndimamupatsa ulemu, musamve ngati ndikumunyoza. Ndapeza makafukufuku otere asanu, ndipo onse akuti jakisoni amathandiza kuposa mapiritsi. Koma onse asanu sanalembe mzimayi amene magazi ake anatsikiratu. Woteroyo sungamuchitire maere, ankathamangira naye kukamuika magazi, poti ankachitira m'zipatala zazikulu. Ndiye za mzimayi wofika pamachira pa kachipatala ka kumudzi, ambulansi ili kutali, makafukufuku asanuwo sakunena kanthu.

Wachiwiri ndi wa m'makaundula. Munthu amangopita m'zipatala n'kukopera zimene anamwino analemba pa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Otere ndapeza atatu, ndipo mmodzi ndi wa kwathu. Mukuwakumbukira adokotala aja anabwera pa galimoto yoyera chaka chimene munasiya ntchito, n'kujambula makaundula a zipatala zing'onozing'ono zinayi? Analemba pepala, ndipo linasindikizidwa. Kachipatala kanu sanakatchule dzina, anangoti chipatala chachitatu, koma ine nditangoona zaka zake ndinakazindikira. Azimayi 58 anabayidwa jakisoni, asanu anamwalira. Azimayi 170 anapatsidwa mapiritsi, anamwalira mmodzi yekha. Nditawerenga mzere umenewo mulaibulale ndinatuluka, n'kukakhala pa masitepe, n'kulira, Amayi, anthu akungondidutsa.

Sindinalirire manambala okha. Ndinakumbukira maliro a Estele, mkazi wa a Pilato a ku Thuchila, ine ndili Fomu 4. Munanditenga kuti ndikuperekezeni. A Pilato atapatsidwa mpata woyankhula kumanda, m'malo mothokoza anthu anakulozani chala. Amvekere, "Mkazi wanga anapita ali moyo, wamupha ndi jakisoni wa mzimayi wa ku Mozambiki uyu." Theka la ana amene anaima pamenepo munawalandira ndinu pobadwa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wa makolo awo anatsegula pakamwa. Munalowa m'dziko lathu muli kamtsikana kothawa nkhondo, sukulu munaphunzira kwathu komweko, unamwino munauphunzira ku Mishoni, koma tsiku limenelo munasanduka mlendo. Chaka chisanathe munasiya ntchito, n'kumati ndi bondo. Ine ndi Dario tinkadziwa kuti si bondo.

Tsopano imvani zimene zachitika kuno. A Profesa amene amandiyang'anira ndi munthu wofatsa, wodziwa zinthu, ndipo amandifunira zabwino. Pa msonkhano wa aphunzitsi anandiuza kuti makafukufuku atatu a m'makaundulawo ndiwataye, ndilembe za asanu a maere aja basi, ndimalize msanga, Disembala ndivale gauni. Pa msonkhano womwewo mphunzitsi wina anati ayi, kutaya n'kuwononga, ndingothira onse asanu ndi atatu mu kompyuta itulutse nambala imodzi. Ndinali nditayesa kale zimenezo kuti ndione. Makaundula aja amakokera nambala pansi, jakisoni n'kumaoneka ngati chinthu choopsa.

Ndinakana zonse ziwiri. Ndikataya makaundula, pepala lija silifa nawo. Lilipobe, olemba malangizo analiwerenga kale, ndipo ena akufuna kuika mzere wochenjeza kuti jakisoniyu asamaperekedwe kwa odwalitsitsa m'zipatala zing'onozing'ono. Ine n'kukhala chete, ndiye kuti ndavomera. Ndikasakaniza zonse pamodzi, ndiye kuti ndafanizira mzimayi wofika akuseka ndi mzimayi wofika atanyamulidwa, ngati ndi munthu mmodzi.

Ndiye ndinaimirira n'kuwauza kuti namwino wa chipatala chachitatu ndimamudziwa, ndipo ndikudziwa mmene ankagwirira ntchito. Ndinawauza kuti timabotolo ta jakisoni tinkabwera tochepa, kabokosi kamodzi pa miyezi itatu, ndipo namwinoyo ankatisunga ngati mbewu. Kamakina koyezera magazi kankakhala kakufa nthawi zambiri, ndiye iye ankakoka chikope cha mzimayi, kumuyang'ana m'manja, n'kufunsa operekeza kuti mwabwera naye bwanji. Wobwera ndi miyendo yake ankamupatsa mapiritsi. Wobwera pa njinga ankayamba waganiza kaye. Wobwera pamachira ankamubaya nthawi yomweyo, uku akutuma munthu kukaimba foni ya ambulansi. Choncho ambiri mwa azimayi 58 aja anafika imfa itawayandikira kale, ndipo 170 aja ambiri anabwera akucheza panjira. Kaundula wa boma analibe malo olembapo zimenezi. Anali ndi dzina, mudzi, mankhwala, ndi mapeto ake basi.

Ndinawapatsa chitsanzo cha munda wa agogo uja. Feteleza akachepa, munkathira pa mizere ya pamchenga pokha, poti ya kumunsi inkabereka yokha. Munthu wobwera pa nthawi yokolola, osadziwa kanthu, akanati feteleza ndi amene amaonongetsa chimanga.

A Profesa anamwetulira. Anati zimene ndikunenazo n'zodziwika, m'mabuku zili ndi dzina lake, ndipo n'chifukwa chake iwo sakhulupirira makaundula. Kenako anati nkhani yanga ndi yabwino, koma zimene mwana akunena za mayi ake si umboni. Mtima unandipsa, Amayi, ndinamva kutentha mpaka m'makutu. Koma ananena zoona. Ine ndemwe ndikanakhala pa mpando wawo ndikananena zomwezo.

Apo m'pamene ndinawauza kuti pali buku.

Ndinawafotokozera mmene ndinkakuonerani muli pakhonde mukaweruka, yunifolomu musanavule, mukulemba mzimayi aliyense amene mwamuona tsikulo. Kamzere kamodzi kwa woyenda yekha, timizere tiwiri kwa wa pa njinga, titatu kwa wa pamachira, pambali pake n'kulemba mmene chikope chinayerera. Ndinawauzanso chinthu china chimene adokotala a galimoto yoyera aja sanachidziwe. Miyezi imene kabokosi kanali kopanda kanthu, azimayi a pamachira ankabwerabe. Munalibe chowabaya, munkangowatumiza ku chipatala chachikulu, ndipo kaundula amangoti watumizidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala lija silinawawerengere n'komwe. Koma inu munkapalasa njinga Loweruka kukafunsa kumidzi kwawo kuti zinatha bwanji, n'kudzalemba m'buku lanu. Amene sanabwerere munkawaikira kamtanda.

Mukuona tsopano chimene muli nacho m'sutikesimo? Muli ndi azimayi a timizere titatu amene anabayidwa, ndi azimayi a timizere titatu amene sanabayidwe chifukwa mankhwala anali atatha. Sanasankhidwe ndi inu, anasankhidwa ndi mwezi umene anadwalira. Si maere enieni, ndipo sindidzanama kuti ndi maere. Koma ndi anthu ofanana, ndipo pa funso la mzimayi wa pamachira palibe wina aliyense amene ali ndi zoposa zimenezi, ngakhale a Profesa ndi mabuku awo onse.

Ndinamaliza kufotokoza n'kukhala pansi. Kenako a Profesa anayamba kundiikira malamulo, ndipo ndawavomera onse. Ndipeze chilolezo kwa akuluakulu oona za kafukufuku kwathuko ndi ku ofesi ya zaumoyo, ndipo makalata ndinatumiza kale. Mayina onse aphimbidwe. Ndilembe kaye mmene ndidzawerengere ndisanatsegule bukulo, kuti ndisadzapotoze zinthu pofuna kuyeretsa mayi anga. Kuwerengetsa kwenikweniko asachite ndine, achite mnzanga wina dzina lake Lyson, amene sakudziwani ndipo alibe nanu chifukwa. Ndipo zotsatira zake tisazisakanize. Za maere zidzaima pazokha n'kuyankha za azimayi olimbirako. Za m'makaundula ndi za m'buku lanu zidzaima pambali pake n'kuyankha za a pamachira, titalemba poyera kuti umboni wake ndi wofookerapo.

Pomaliza anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa kuti zimenezi zindidyera chaka chathunthu, ndipo Disembala uno anzanga adzavala magauni ine ndikuwaombera m'manja. Ndinati ndikudziwa. Anati ndine wamakani. Ndinati sanakumane ndi amene anandibereka. Ndiye nsalu munagula ija yoti musoketse ya pa mwambo isungeni kaye, siwola. Amene afunse kuti bwanji mwana wanu sakumaliza, auzeni kuti akumaliza mwa njira yake.

Tsopano ndinene chimene chikundivuta kulemba. Sindikukulonjezani kuti bukulo likuyeretsani. Sindikudziwa zimene zili m'menemo zikawerengedwa. Mwina Lyson adzapeza kuti a pamachira obayidwa anapulumuka ambiri kuposa osabayidwa. Mwina adzapeza kuti palibe kusiyana. Mwinanso adzapeza kuti jakisoniyo ankawapwetekadi anthu ofooka chotero. Zikadzatero ndidzalemba momwemo, dzina langa pansi pake, ndipo ndidzabwera kudzakuuzani ndekha pamaso, osati pa foni.

Ndikudziwa kuti n'chimene mukuopa. Simukufuna kuwotcha bukulo chifukwa cha miseche ya pa msika, imeneyo munaizolowera kalekale. Mukufuna kuliwotcha chifukwa mbali ina ya mtima wanu inawakhulupirira a Pilato tsiku lomwe lija kumanda, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi simunayerekeze kutsegula n'kuwerenga timitanda tija. Mwadziweruza nokha, mwadzipeza olakwa nokha, mboni ili m'sutikesi simunaifunse. Zimenezo ine ndikukana, Amayi. Ndakana a Profesa, ndakana mphunzitsi wa nambala imodzi uja, inunso ndikukukanani.

Ndipo bukulo si lanu nokha. Panopa, pamene mukuwerenga kalatayi, kuli namwino wina pa kachipatala kena, ali ndi kabotolo kamodzi m'manja, ndipo anthu anayi akutula machira pakhomo pake. Ngati jakisoniyo amapha, namwinoyo ayenera kuuzidwa kuti asiye. Ngati amapulumutsa, pasapezeke womuletsa chifukwa cha pepala limene silinafunse kuti odwala anabwera bwanji. Mukaliwotcha, mwamusiya namwino ameneyo akungoganizira, monga anakusiyirani inu. Munkadandaula nokha kuti palibe amene ankakuuzani zoona zake. Lero wouza mnzake ndinu.

Ndiye chitani izi. Likulungeni m'pulasitiki chifukwa cha chiswe. A Bizwick musawapatse, ndipo Dario asalijambule pa foni kapena kuliwerenga, muli mayina a anthu m'menemo ndipo chilolezo sichinatuluke. Ngati mukuona kuti manja akukuyabwani, kalisungitseni kwa azakhali a Marcia, amenewo ngakhale mutalira sangakupatseni. Ine tikiti ya basi ndagula kale, ndifika sabata yachiwiri ya Okotobala, ndipo ndikhulupirira kuti makalata a chilolezo adzakhala atabwera.

Ngati kalatayi yakupezani mutaliwotcha kale, musandinamize kuti linasowa. Ndibwerabe. Ndidzapempha chilolezo china, n'kuyenda khomo ndi khomo kuyambira pa Chinakanaka mpaka ku Thuchila, kufunsa amene ananyamula machira zaka zimenezo kuti ananyamula ndani, mwezi wanji. Zidzanditengera zaka ziwiri m'malo mwa chimodzi, ndipo umboni wake udzakhala wofooka kwambiri, poti anthu amaiwala. Koma ndidzayenda. Moto sukupulumutsani kwa ine, ungonditalikitsira ulendo.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Marcia, muwauze kuti mafuta a msana aja ndidzabwera nawo ndekha. Moni kwa amalume a Gregorio mukapeza wopita ku Milanje, kwa Dario ndi alamu anga, ndi kwa amayi a kwaya onse, ngakhale aja amati mtsikana wophunzira kwambiri sakwatiwa. Edna akuti moni, akuti mudzamutumizire nandolo.

Chotsiriza ndi ichi, ndipo muwerenge kawiri. Namwino wochenjera akanabaya azimayi olimba, kaundula wake n'kuoneka woyera, n'kupuma ntchito anthu akumuvinira. Inu munali ndi timabotolo towerengeka, ndipo tsiku lililonse munkasankha amene anali pafupi kufa, mukudziwa kuti akafa adzafera m'manja mwanu, anthu akuona. Lyson angapeze chilichonse chimene angapeze chokhudza jakisoniyo. Koma za mzimayi amene ankasankha chonchoyo, sindikudikira kompyuta kuti indiuze, ndipo sindidzachita naye manyazi pamaso pa munthu aliyense.

Ndine mwana wanu wosamva uja,

Claudia